Dzina la Atate M'munsi mwa Tsamba

Nyumba yathu ya ku Kafue Estates sinali yathu. Inali ya fakitale ya masaka kumene atate, a Ackson Njobvu, ankayendetsa makina, ndipo aliyense pamzere wathu ankalidziwa lamulo lake: ntchito ikatha, makiyi umabweza. Atate anachoka ku Katete dziko litangolandira ufulu, pamene mafakitale ankamera ku Kafue ngati bowa. Ankakonda kunena kuti anafika ndi bulangete limodzi, koma tsopano ali ndi mpopi m'nyumba ndiponso mwana ku yunivesite. Mwana wa ku yunivesiteyo si ine ayi. Ine ndine Elina, ndinalekezera Fomu 2, ndipo amayi atamwalira ndinayamba kugulitsa repu ndi tomato pamsika. Wanzeru anali mng'ono wanga Winfrida.

M'chaka chake chomaliza ku Lusaka, Winfrida anayenera kulemba kafukufuku kuti apatsidwe digiri. Anasankha kulemba za moyo wa antchito a m'fakitale ya atate. Akuluakulu a fakitale anamulola, anamuyendetsa m'maofesi, anamumwetsa tiyi, n'kumuuza kuti akamaliza awatumizire buku limodzi. Iye anavomera msanga, poganiza kuti akangoliponya pashelefu.

Koma nkhani yeniyeni ya m'fakitalemo inali fumbi. Ulusi wa masaka umatulutsa fumbi lotuwa lolowa paliponse. Atate akaweruka ankabwera nsidze zili mbuu, ndipo chifuwa chawo tinkachimva ali pakona tisanawaone. Pa tchuthi Winfrida anawapempha kuti amuitanire anzawo. Loweruka lina azibambo angapo anakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, nakhuthula zonse. Ananena za mawindo okhomedwa ndi misomali kuti anthu asamaponye masaka kunja, za tinsalu totchinga mphuno timene timagawidwa kukamabwera alendo, za anzawo amene anabwezedwa kumudzi atayamba kulavula magazi. Aliyense akamaliza ankatsekera ndi mawu amodzimodzi.

"Koma mwana wanga, dzina yanga usalembe," anatero a Levy, amene makina awo anali pafupi ndi a atate. "Nili na bana bang'ono ine. Ukambe chabe ati bantu bakamba."

Winfrida analemba monga anamuuzira, napereka kwa aphunzitsi ake. Mapepalawo anabwerera ali psuu ndi inki. Pambali pa ndime iliyonse ya fumbi panali mafunso omwewomwewo: Ananena ndani? Liti? Kuti?

Winfrida anandifotokozera lamulo la kusukulu kwawo tili kutsuka mbale. Mawu a munthu wina umawatsekera m'tizizindikiro tosonyeza kuti si ako, umaikapo kanambala, ndiye m'munsi mwa tsamba umalemba mwini mawuwo, malo ndi tsiku. Mawu opanda mwini, amati mwina waba kapena wapeka. Chaka chapitacho mnyamata wina anachotsedwa sukulu chifukwa chokopera ndime m'buku osatchula wolemba, ndipo kuyambira pamenepo Winfrida ankaliopa lamulolo kuposa njoka. Woti amufunse panalibe. Aphunzitsi akewo atangoponya inki yawo yofiira anapita kunja kwa dziko kukapuma, ndipo nthawi yopereka buku inali itayandikira.

Winfrida anayenda khomo ndi khomo kupempha azibambo aja kuti alole maina awo alembedwe. Onse anakana, ena asanamupatse n'komwe mpando. Sindikuwanena, ndikanakhala ine ndikanakananso. Anabwerera kunyumba, nakhala patebulo, n'kuyamba kukhwatcha mawu a munthu mmodzimmodzi misozi ikugwera papepala. Atate anamupeza ali choncho.

"Ulilira chani?" anafunsa atate.

"Ba tate, mau yalibe dzina sibavomela," anatero Winfrida. "Ba Levy bakana, bonse bakana. Chaputala yonse ya fumbi yafa."

"Nanga ine nilibe dzina?"

Ndinasiya mbale zimene ndinkatsuka. "Ba tate, buku iyi iyenda ku ofesi," ndinatero. "Ba manijala bazawerenga."

"Bawerenge. Nanama chani? Dziko ni yathu manje, ba manijala ni mwana wathu, si muzungu. Lemba, Wini. Ackson Njobvu, woyendetsa makina."

Anthu amene anamva nkhaniyi pambuyo pake ankati atate anali olimba mtima. Mwina. Koma ine ndinali pomwepo, ndinaona nkhope yawo. Dzina lawo linali lisanalembedwepo kwina kulikonse kupatula pa kadi ya ntchito ndi m'kaundula wa tchalitchi, ndiye apa linali kukalowa m'buku la ku yunivesite. Ankanyadira ngati mwana amene wagulidwa nsapato. Ndinakwiya tsiku limenelo, ndipo mkwiyowo sunathebe.

Winfrida anagwira ntchito yake bwino, pamenepo palibe angatsutse. Anakhazika atate pansi, nawafunsanso zonse, nalemba liwu lililonse monga linatulukira. Pamene anadukiza n'kutsokomola, iye anaikapo timadontho titatu. Sanawonjezere kanthu, sanachotse kanthu. Chilichonse chimene chinalibe mwini anachitaya. Choncho m'mutu wonse wa fumbi munatsala munthu mmodzi wolankhula, ndipo m'munsi mwa tsamba lililonse munali timalemba ting'onoting'ono: Ackson Njobvu, woyendetsa makina, Kafue, ndi tsiku lake.

Anakhoza, ndipo anakhoza kwambiri. Tinakwera sitima kupita ku Lusaka kukamuona atavala mkanjo, atate atavala jekete lawo la paukwati lomwe linali litayamba kuwakulira. Kenako Winfrida anachita zimene analonjeza. Anatumiza buku limodzi ku fakitale.

Sipanapite nthawi, kapitawo anawapeza atate pamakina, nawauza kuti akufunika ku ofesi. Zimene zinachitika kumeneko anatiuza okha madzulo ake, atakhala pakhonde nsapato asanavule. Manijala anali mnyamata wa suti, wathu ndithu monga atate ankanenera, ndipo anawalandira mwaulemu. Patebulo panali bukulo lili chitsegulire, mizere ina italembedwa mzere kunsi.

Anawafunsa ngati mawuwo anali awo. Atate anavomera. Anawafunsa ngati mwana wawo anawapotoza penapake. Atate anati ayi, ali ndendende. Ndiye manijala anati n'zodabwitsa kuti m'fakitale yodzaza anthu chotere, buku la ku yunivesite lapeza wodandaula mmodzi yekha. Atate anati si okha, afunse a Levy. A Levy anaitanidwa. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja, maso ali pa nsapato, nanena kuti iwo chifuwa alibe ndipo za fumbi sanamvepo munthu akudandaula.

Manijala sanakalipe. Anangoloza mzere umodzi ndi cholembera. Pamenepo atate anali atanena kuti chifuwa chawo chinatha kale, kuti masiku ena amaona chidima ali pamakina. Anati fakitale singasunge pamakina munthu amene wanena yekha, m'buku, kuti amaona chidima. Akuwapumitsa chifukwa cha thanzi lawo lomwe. Makiyi a nyumba abweze kumapeto kwa mwezi.

Winfrida atamva anathamangira kwa aphunzitsi ake aja, amene tsopano anali atabwerako. Ankafuna kuti alankhule ndi fakitale. Tinakumana pa siteshoni ya basi akubwerera. Anatsika ngati munthu wodwala, nandikokera pambali pa azimayi ogulitsa nsomba zouma.

"Bakamba chani?" ndinamufunsa.

"Bati sembe sininalembe dzina." Mawu ake anali ouma. "Bati pamene munthu angavutike, ulemba chabe wanchito woyamba, wanchito wachiwiri, na tsiku, elo ukamba ati maina nabisa kuti nibateteze. Chololedwa. Bati benze kufunsa chabe kuti nionetse kuti ni bangati, benze kukamba liti. Banionetsa na mabuku yamene banachita so."

"Ndiye mau ya ba Levy?"

"Sembe yanakhala. Yonse sembe yanakhala."

Sanalire. Ine ndinkafuna kumenya munthu, koma sindinadziwe woti ndimumenye. Aphunzitsi amene analemba mafunso atatu n'kukwera ndeke? A Levy ndi ana awo? Atate ndi kunyada kwawo? Kapena mwana ameneyu, amene anaopa kutchedwa wakuba mpaka anapereka bambo ake? Tinauyamba ulendo wa kunyumba.

Kumapeto kwa mwezi tinakweza katundu palole n'kupita ku Shimabala, kumene amalume anatipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba yawo ndi kamunda ka chimanga. Madzi tinayamba kutunga pachitsime. Atate anayesa kugwira khasu, koma akalima mizere iwiri ankakhala pansi n'kumapuma ngati akwera phiri. M'nyumba yathu ija munalowa banja lina sabata lomwelo. Ndinadutsako tsiku lina popita kumsika, ndinaona matewera a mwana wa eni atayanikidwa pa mtengo wathu wa mango. Kufakitale mawindo adakali okhomedwa. A Levy adakali pamakina awo, ndipo ndikumva kuti nawonso chifuwa chawo chayamba kumveka ali pakona.

Winfrida anapeza ntchito yabwino m'boma ku Lusaka. Amatumiza sopo, shuga ndi mankhwala, koma iye mwini amabwera mwa apo ndi apo. Akabwera amakhala panja ndi ine n'kumatola nyemba, chifukwa atate akayamba kutsokomola m'kachipindamo iye satha kupirira. A ku yunivesite anamuitana kuti akapitirize maphunziro, anakana. Za bukulo satchula.

Amene amalitchula ndi atate. Ali nalo lawolawo, analikulunga m'pulasitiki, amalisunga pansi pa pilo. Chingerezi sawerenga, koma dzina lawo amalidziwa, ndipo mlendo aliyense akabwera amamutsegulira n'kuloza m'munsi mwa tsamba. Pamalopo pada ndi chala chawo. Zimandiwawa kuposa chifuwacho, ndipo nthawi zambiri ndimatuluka.

Mwezi wathawu anafooka kwambiri, analeka kudzuka. Masana ena ndikuwamwetsa phala anandiuza kuti nditenge bukulo ndiwawerengere pamene pali dzina lawo. Ndinawerenga, ndikumasulira pang'onopang'ono: Ackson Njobvu, woyendetsa makina, Kafue.

Anatseka maso. Ndinaganiza kuti agona.

"Elina," anatero, "Wini anakamba ati mu buku ya yunivesite safuna boza, si so?"

"Inde, ba tate."

"Ukamuuze akonze apo. Sinine woyendetsa makina manje. Na ku Kafue sinikhalako." Anatsokomola nthawi yaitali, ine nditagwira mbale. "Alembe chabe dzina. Yasala ni dzina."

Uthengawo sindinaufikitse, ndipo sindidzaufikitsa. Ndinabweza bukulo m'pulasitiki, n'kuliika pansi pa pilo. Phala linali litazizira, ndipo atate anali atatembenukira kukhoma.