Chivundikiro Chikagwa

Ntchito yanga ndi yoyendera mabotolo ozimitsira moto. Ndimalowa m'sukulu kapena m'sitolo, ndimayang'ana ngati kasingano ka pabotolo kali pobiriwira, ndimaligwedeza kuti ufa wam'kati usaumbike, kenako ndimasaina kakhadi kolendewera m'khosi mwake. Mlonda amanditsegulira, ndikatha amanditsekera. Ntchitoyi imandiyenera, chifukwa botolo silidikira kuti ulipatse moni.

Chimene chimandivuta ndi chakudya chamadzulo.

Ulendo wina ananditumiza masiku asanu kutauni ina kumene sindinkadziwako munthu. Ndinkagona panyumba ya alendo yokhala ndi lesitilanti pansi pake. Munali matebulo asanu ndi anayi, nsalu zake zapulasitiki zomata m'zigongono, ndi wailesi yakanema yopanda mawu. Kukwera ndi chakudya kuchipinda ankaletsa chifukwa cha mphemvu. Choncho dzuwa likapendeka ndinkatsika, n'kukhala pakona pafupi ndi sinki yosambira m'manja. Munthu ukamadya wekha manja amakuchulukira. Ndinawerenga pepala la zakudya mpaka kuliloweza, ndipo botolo limodzi la mowa ndinkalimwa pang'onopang'ono ngati mankhwala a chifuwa.

Pakati pa chipindacho pankakhala amuna asanu ndi mmodzi, ogulitsa sopo ndi mafuta ophikira, amene ankakumana pamenepo mwezi uliwonse. Ankalumikiza matebulo awiri n'kuitanitsa mbale imodzi yaikulu ya nyama yootcha, onse manja m'menemo. Wamkulu wawo ankamutchula kuti Kapitawo, munthu wa khosi lonenepa amene akaseka matambula ankanjenjemera. Panali mpando wachisanu ndi chiwiri umene ankaikapo zikwama. Mpando umenewo ndinkauyang'ana tsiku lililonse. Sindinkafuna zambiri ayi. Ndinkangofuna kuti tsiku limodzi wina achotsepo zikwamazo, andiuze kuti khala.

Wina wodya yekha anali bambo wachikulire wokonza makina osokera. Ankakhala cha kukhoma, bokosi la zida zake lili pansi pa tebulo, phazi ataliponda. Chakudya chikangofika ankatsamiritsa foni pabotolo la mchere, n'kudina. Pamenepo pankamveka mawu a mzimayi, oyankhula mopumira, ngati munthu amene manja ake ali pantchito ina.

"Mwafika bwino, bambo?"

"Ndafika, mayi."

"Nanga mwadya chiyani kumeneko?"

"Mpunga ndi nkhuku. Nkhuku yake youma ngati nsapato."

Anyamata a sopo ankagundana zigongono. "Madala ayamba kupereka lipoti," ankatero dalaivala wawo, mnyamata wowonda wa dzino lagolide. "Akamaliza awawerengeranso mafupa."

Lachitatu basi ina inaima panja, anthu anadzaza lesitilanti yonse. Mtsikana woperekera zakudya ananyamula mbale yanga osandifunsa n'kukaiika patebulo la bambo aja.

"Khalani ndi agogo anu apa, achimwene. Saluma."

Bamboyo anandisunthira mchere ndi tsabola, n'kupepesa kuti ayankhule kaye ndi kunyumba. Anadina foni. Ndinaweramira mbale yanga, koma makutu sawerama. Mayi aja anafunsa za ulendo, anafunsa za chakudya. Kenako anati, "Mankhwala aja mwanyamula?" Nthawi yomweyo kumbuyo kwawo chivundikiro cha poto chinagwa pansi, ngwee, n'kuzungulira kanthawi. Mayiwo anaseka, "Aa, taonani zanga."

Supuni yanga inaima m'mwamba. Chivundikiro chimenecho ndinali nditachimva Lolemba. Ndinachimvanso Lachiwiri, pamalo omwewo, ndi kuseka komweko.

Bamboyo anayankha mafunso onse mpaka kumapeto, anatsanzika, n'kuika foni m'thumba la malaya. Kenako anandiyang'ana.

"Mwachimva, eti? Makutu anu ndi akuthwa, mwana wanga."

Ndinaika supuni m'mbale.

"Ndi uthenga umene akazi anga ananditumizira chaka chatha, ndili paulendo ngati uno. Patangotha sabata ziwiri tinawaika m'manda." Anapukuta zala ndi kapepala, chala chimodzichimodzi. "Zaka makumi atatu ndi zinayi sindinadyepo osawauza chimene ndadya. Ndiyambe lero? Pakhosi sipadutsa kanthu. Koma izi zikhale za ine ndi inu."

"Chabwino, bambo," ndinatero.

Anadula ntchafu ya nkhuku yake pakati n'kundiikira mbali ina. Anandifunsa za ntchito yanga ndipo anamvetseradi, mpaka kufunsa kuti ufa wam'botolomo umapangidwa ndi chiyani. Ndinayankhula kwambiri kuposa mmene ndinayankhulira sabata yonseyo. Koma ngakhale pamenepo, maso anga ankathawira patebulo lapakati, kumene Kapitawo ankasimba nkhani ataimirira, anzake akugwa ndi phwete.

Lachinayi ndinatsika mochedwerako. Ndikudutsa ndi botolo langa la mowa kupita pakona, ndinamva mluzu.

"Iwe, Zimazima! Tabwera kuno."

Anali Kapitawo. Sindinkadziwa kuti anali atandipatsa kale dzina. Zinali ngati ndaitanidwa ku ofesi ya ahedi, koma mumtima munalinso kachimwemwe. Ankandidziwa.

"Dzulo unadya ndi madala a foni aja. Tatiuza, alamu athuwo ndi otani? Unawaona nkhope?"

"Ayi, sindinawaone."

"Nanga amakambirana chiyani tsiku ndi tsiku? Kapena madalawo ali ndi mlandu kunyumba?"

"Zakudya basi," ndinatero. "Ndi mankhwala."

Dalaivala uja anali atanyamula chikwama chimodzi pampando, ngati akufuna kundipatsa malo. Atamva yankho langalo anayasamula, n'kuchibwezera pomwepo. Kapitawo anali atatembenukira kale kwa mnzake. Ndinaima pamenepo ndi botolo m'manja, osadziwa ngati ndichoke kapena ndidikire. Ndinaona msana wa Kapitawo, ndinaona kona yanga ija ndi sinki yake yodontha.

"Palibe amene amayankhula naye," ndinatero.

Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene ndinkafunira. Mitu isanu ndi umodzi inatembenuka.

"Wati chiyani?"

"Ndi uthenga wojambulidwa. Womwewomwewo tsiku lililonse. Iwo amangoyankha m'mipata."

"Bodza iwe!"

"Dikirani muone. Mayiwo akangofunsa za mankhwala, chivundikiro cha poto chigwa. Kenako anena kuti, aa, taonani zanga."

Kapitawo anandiyang'ana bwinobwino koyamba. Kenako anakankha zikwama zonse ndi dzanja limodzi, zinagwera pansi.

"Khala apa. Ukanama utigulira tonse."

Ndinakhala. Mpandowo unali wofunda ndi dzuwa la pawindo.

Sipanapite nthawi, mtsikana uja anabweretsa chakudya cha bambo aja. Iwo anali atandiona pamene ndakhala, ndipo anandigwedezera mutu mokondwa, ngati kholo loona mwana wake wapeza anzake. Anatsamiritsa foni pabotolo la mchere. Kapitawo anaika chala pamlomo, tebulo lonse linati zii.

"Mwafika bwino, bambo?"

"Ndafika, mayi."

Dalaivala anatseka pakamwa ndi chipewa. Ine ndinakweza chala m'mwamba ngati woimbitsa kwaya. Sindikudziwa chimene chinandiuza kutero.

"Mankhwala aja mwanyamula?"

Ndinatsitsa chala. Ngwee.

"Aa, taonani zanga," tebulo lonse linanena pamodzi ndi mayiwo, kenako linaphulika. Wina anamenya tebulo mpaka botolo linagubuduka. Kapitawo ankapukuta misozi, dzanja lina likundimenya pamsana.

"Zimazima, ndiwe mfiti! Nanga mkaziyo ali kuti? Anawathawa?"

"Anamwalira," ndinatero.

Kuseka kunaduka. Mmodzi wa iwo, wa magalasi, anayang'ana pansi n'kuyamba kutola zikwama zija. Pamenepo zikanatha kuthera pomwepo. Koma Kapitawo sankakonda tebulo lozizira.

"Ndiye netiweki ya kumanda ndi yamphamvu bwanji," anatero. "Ine kuno ndikulephera kuimbira mkazi wanga wamoyo."

Anasekanso, mokweza kuposa poyamba, ngati anthu amene apulumuka pangozi.

Bambo aja sanayankhenso foni. Anangokhala duu pampando, supuni ili m'manja. Koma uthengawo sunkadziwa kanthu, unkangopitirira, ndipo m'mipata mmene iwo ankayankhamo munangotsala bata.

"Musamwe kwambiri kumeneko, mwamva?"

"Tawaletsa kale, alamu!" anakuwa dalaivala.

"Nanga mubwera liti?"

"Posachedwapa! Akonzereni malo pambali panupo!"

Bamboyo anatola foni kuti aizimitse. Zala zimene zimalowetsa ulusi pasingano tsiku lonse zinalephera kupeza podina. Foni inaterereka, inagwera mumpunga, mayi aja akutsanzikabe. Anaitola, anaipukuta ndi malaya awo mosamala, mbali zonse ziwiri. Kenako anawerama n'kukoka bokosi lawo la zida.

Njira yotulukira inkadutsa pafupi ndi tebulo lathu. Anaima pambali panga. Ndinamva fungo la mafuta a makina. Ndinkadikira kuti anditukwane, mwinanso ndinkafuna kuti atero. Iwo anangondiyang'ana, osati mokwiya, koma ngati akuyesa kukumbukira kumene anandionapo.

"Mudye bwino, mwana wanga," anatero, n'kutuluka.

Mtsikana woperekera zakudya anabwera kudzachotsa mbale yawo, yosakhudzidwa. Podutsa anatiponyera diso.

"Anthu akuluakulu ndevu pepeya, mulibe manyazi? Inunso achimwene, ndinkakuyesani munthu."

"Iwe, bweretsa nyama ina," anatero Kapitawo. "Ndi botolo la mnzathuyu. Lozizira, wagwira ntchito."

Nyama inabwera ikuchita utsi. Anaikankhira kwa ine kuti ndiyambe ndine. Ndinkaganiza kuti pakhosi pakana, koma sipanakane. Inali yofewa, ya mchere wokwanira, ndipo ndinadya mpaka mafuta anatsikira m'chigongono. Anandifunsa kwathu, anandifunsa ngati ndili ndi chibwenzi, ndipo nditati ayi analumbira kuti andipezera mwezi wamawa. Wa magalasi yekha ndiye anatsanzika msanga, akuti mutu.

Kenako panalowa anzawo ena awiri, ogulitsa mabisiketi, amene anaphonya zonse. Kapitawo anayamba kuwafotokozera koma anasokoneza ndondomeko, anaika chivundikiro patsogolo pa mankhwala.

"Aa, ine ndikuiwononga. Zimazima, tawachitira iweyo. Uyambe ndi mawu a mayiwo."

Onse anatembenukira kwa ine, maso ali gwa, akumwetulira kale. Ndinapukuta pakamwa. Ndinatsamiritsa foni yanga pabotolo, ndinachepetsa mawu, ndinapumira pamene mayi aja ankapumira.

"Mwafika bwino, bambo?"

Anaseka mpaka wina anatsamwa. Atandiuza kuti ndibwereze, ndinabwereza, ndipo kachiwiriko ndinakhoza kwambiri.