Nsapato za Aroma m'bafa mwathu

Amayi anga anayamba kuphunzitsa za Aroma pa yunivesite ine ndisanabadwe, koma upulofesa sanaulawe. Anzawo amene anayamba nawo limodzi anakwera, ena anasamukira kumwera, iwo ali pomwepo, Dokotala Moira Hedley, kaofesi kawo koyandikana ndi chimbudzi. Akuluakulu ankati amakumba kwambiri koma kulemba pang'ono.

Chilimwe chilichonse ankapita ndi ophunzira ku famu ya a Robson, kumene linga la asilikali a Chiroma linakwiririka pansi pa msipu wa nkhosa. Pansipo panali matope akuda onunkha ngati dzira lowola, ndipo matopewo sankalola chinthu kuola. Munkatuluka nsapato zachikopa, zipeso zamtengo, zingwe, ngakhale zidutswa za tenti. Koma chinthu chotere ukachitulutsa chimayenera kukhala m'madzi ozizira mpaka akatswiri achikonze ndi mankhwala. Chikangouma chimakhwinyata, chimang'aluka, basi chatha.

Ndili m'kalasi lomaliza ku sekondale, yunivesite inatseka dipatimenti yawo, ati ophunzira achepa. Anati m'chipinda chozizira momwe munali mabeseni a zinthuzo aikamo makompyuta. Amayi anaimbira foni kumalo onse osungirako zinthu zakale amene ankawadziwa. Kulikonse yankho linali limodzi: pepani, kwadzaza.

"Bryony," anatero m'mawa wina, "vala majombo, ukandinyamulitse."

Mabeseni tinawasanja m'khichini ndi m'khonde, otsalawo tinakhuthulira m'bafa. Kuyambira tsikulo tinkasamba ndi kansalu pasinki. Sindinauze munthu aliyense kusukulu. Mnzanga akati abwere kwathu ndinkati amayi akudwala, ndipo sikunali kunama kwenikweni. Ankadzuka, n'kusintha madzi, n'kuponyamo ayezi, kenako n'kukhala pampando wa m'khichini atavalabe jekete la kuntchito.

Nyengo yozizira inatithandiza, koma kutentha kutabwerera ayezi ankasungunuka tiyi asanazizire. Pamwamba pa madzi panayamba kuyandama zoterera zoyera. Tsiku lina amayi anatulutsa kansapato ka mwana, kakang'ono ngati chikhatho changa, ndipo chidendene chake chinatsalira m'zala zawo ngati phala. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Tikazibweza," anatero. "Chimene sungathe kuchisunga umachibwezera m'dothi momwe unachipeza. Ndinkawaphunzitsa zimenezi ana aja chaka chilichonse."

A Robson tinawapeza pageti ndi thirakitala yawo yokumbira, galu ali pambali.

"Adokotala! Anthu amakumba kuti atulutse, inu mwabwera kudzabweza? Kapena nsapatozo sizinakukwaneni?"

"Kumbani apo, a Robson. Pakamwapo pakanakhala fosholo bwenzi titamaliza kale."

"Nanga uyu ndi Bryony uja ankalira akaona nkhosa? Mpaka pano salankhula?"

Ndinayang'ana majombo anga. Iwo anaseka, n'kuliza injini.

Amayi anaima m'mphepete mwa dzenje kudikira kuti dothi lide. Thirakitala inakumba kufika m'chiuno, kenako m'khosi. Fungo lija silinabwere. Amayi anakweza dzanja, injini inazima, ndipo anatsika pamakwerero. Ine ndinali pamwamba, ndikuona msana wawo wokha. Anatapa dothi n'kulifinya. Kale bwenzi madzi akuda atatsetsereka mpaka m'chigongono. Ulendo uno linangoyoyoka, lofiirira ngati fodya.

"A Robson, mwatani kuno?"

Bambowo anavula chipewa n'kuchivalanso.

"Ndinaika mapaipi ochotsa madzi. A kuyunivesite anandiuza kuti simudzabweranso. Nkhosa zanga zakhala zikuola ziboda zaka zonsezi, ine osakhudza dambo ili chifukwa cha inu. Ndimati mukudziwa."

"Sanandiuze."

"Aaa. Ndiye pepani, mayi."

Sanawatche adokotala ulendo umenewu. Amayi anayang'ana khoma la dzenjelo, n'kuloza ndi chala pamene panali mzere wabulauni, wofewa ngati mkate wonyowa.

"Ili linali thabwa la pansi pa nyumba," anandiuza, mawu awo ali ngati ali m'kalasi. "Tinangokumba kachigawo kakang'ono ka linga lonseli. Zina zonse ndinazisiya dala, kuti odzabwera m'mbuyo mwathu adzakumbe bwino kuposa ine."

Ndinangofunsa ngati tibwerere nawo mabeseni kunyumba.

"Kukatani nawo?"

Ndinawapatsira limodzilimodzi. Ankatulutsa chinthu chilichonse ndi manja awiri, n'kuchigoneka pansi, nsapato kumbali kwake, zipeso kumbali kwake, ngati kuti wina adzabwera kudzayendera. A Robson anapita kukaima kuseri kwa thirakitala, akukanda galu wawo m'khutu.

Amayi atamaliza anakwera, mawondo ali fumbi lokhalokha.

"Thira madzi otsalawo," anatero.

Ndinapendeketsa beseni loyamba, kenako lachiwiri. Madzi anadetsa dothi pang'ono chabe, n'kulowa pansi ndisanaweramuke. Chakumunsi kwa munda ndinamva paipi ikutulutsa madzi m'ngalande.

Amayi anagwedezera mutu a Robson, injini inalira, ndipo amayiwo anakalowa m'galimoto osadikira kuti dzenje lidzaze.