Mpeyala Pakati pa Thanki ndi Bomba

Thanki ya ku Chiuaula inasefukiranso, madzi n'kutsetsereka mpaka kukanyambita khoma la zidina la mayi Genoveva.

"Khomali likagwa ndidzagona kwanu, a Germano!" anakuwa mayiwo.

A Germano anangoima patsinde pa mpeyala wawo, manja kumbuyo.

Vuto aliyense ankalidziwa. Thanki inali kumtunda, bomba lopopa madzi lili kudambo. Thanki ikadzaza, kamakina kake kankatumiza uthenga m'mphepo kuti bomba lizime lokha. Koma mpeyalawo unakula n'kutchinga pakati, ndipo masamba akanyowa ndi nkhungu uthenga sunkadutsa. Bomba linkangopopabe.

Amílcar, mkulu wa komiti ya madzi, anali atafika kale ndi nkhwangwa. A Germano achinyamata onse ankawaitana kuti Titio, kutanthauza malume.

"Titio, mtengo umodzi usazunzitse anthu okhala m'bairro yonse ino."

"Pansipa tinakwirirapo mchombo wa Renato," anatero a Germano.

Renato anali mwana wawo yekhayo. Anapita ku Joni kalekale ndipo sankamveka. Koma Amílcar nkhwangwa sanaitule.

Esmeralda, mtsikana amene anaika makinawo, anauzungulira mtengo, maso m'mwamba.

"A Amílcar, banja likasiya kumvana mumagwetsa nyumba? Timaitana ankhoswe."

Anatulutsa m'chikwama kabokosi kachitatu, kowonjezera pa ka pathanki ndi ka pabomba. Ntchito yake, anatero, n'kumva mawu a thanki n'kukawatula kwa bomba. Anavula nsapato n'kuyamba kukwera.

"Sukulu yonse ija kuti uzikwera mitengo ngati pusi?" anatero mayi Genoveva. "Adzakukwatira ndani?"

"Bomba, mama. Ilo ndikaliuza limamva!"

Koyamba zinakanika. Nthambi imene anamangapo kabokosiko inkagwedezeka ndi mphepo, uthenga n'kumaduka, madzi akutayikabe. Amílcar anatsokomola. Esmeralda anamasula mawaya, nakwera mpaka pamphanda yakunsonga, pomwe a Germano sanafikepo ngakhale ali mnyamata. Anamanga kolimba, manja atachita dzanzi ndi chisanu.

Kudambo kulira kwa bomba kunaleka. Madzi anadontha pang'ono, n'kusiya.

Mtsikanayo anatsika zigongono zitasupuka.

"Titio, kabokosiko kamadya dzuwa. Masamba akakaphimba, mavuto abwereranso, ndipo ine sindidzakuikiraninso kumbuyo. Pafunika munthu wosadza nthambi."

A Germano anayang'ana kunsonga, kenako maondo awo otupa. Anamuthyolera peyala lalikulu kuposa onse n'kumupatsa ndi manja awiri.

"Ndikhoma makwerero," anatero, nalowa m'nyumba kukafuna misomali.