Mahedifoni Osamveka Kumanzere

Anthu ankawatchula kuti a Makutu, ndipo dzinali iwo ankalikonda kuposa lomwe anawapatsa makolo awo. Silinali lachipongwe, ngakhale kunena zoona makutuwo analidi otambalala ndithu. Linabwera chifukwa cha ntchito. M'kachipinda kawo kojambuliramo nyimbo, kuseri kwa nyumba, kwaya inkatha kuimba mokoma mpaka wopeka nyimboyo kulengeza misozi, koma iwo n'kungokweza dzanja. "Mayi muli kukhomako, mwatsitsa mawu. Tiyambirenso." Ndipo mayiwo ankavomera mwamanyazi kuti anatsitsadi.

Zaka zonsezi ankagwira ntchito ndi mahedifoni akale, osupuka, omangidwa ndi tepi pakati. Ankawavala monga amachitira ambiri a ntchito imeneyi: mbali imodzi pakhutu la kumanja, inayo ataikankhira kumbuyo kwa khutu la kumanzere, ati kuti azimvanso zomwe oimba akulankhula. Posakaniza mawu ankangotsegula masipika. Zinkayenda choncho, ndipo palibe ankadandaula.

Ndiye kunabwera kwaya yaikulu ya mumzindamo, ija wojambula aliyense amailota, kudzafuna chimbale. A Makutu anaona kuti tepi ija iwachititsa manyazi. Anapita kusitolo yogulitsa zoimbira nabwerako atakumbatira bokosi ngati khanda. Munali mahedifoni apamwamba zedi, a chikopa chofewa, ogona pansalu yonyezimira. Akazi awo sanafunse mtengo, pofuna kusunga mtendere m'banja. Anangotambasula dzanja kuti akhudzeko.

"Ayi, mayi, awa si ovala aliyense," anatero a Makutu akubweza bokosilo pachifuwa. "Makutu a anthu ena ali ndi mafuta."

Lamulo linakhala lomwelo: wina aliyense asawavale.

Chinthu chotere suchivala mopendekera ngati chipewa cha woledzera. Choncho, kwa nthawi yoyamba m'zaka zambirimbiri, a Makutu anavala mahedifoni makutu onse awiri. Anakhala bwinobwino pampando, natsegula nyimbo yoyamba yomwe anali atajambula ya kwaya ija.

Kumanja kunali kumwamba kwenikweni. Ankamva mpweya wa oimba, kutembenuka kwa pepala, ngakhale benchi likulira. Koma kumanzere! Kumanzere zinkamveka ngati oimbawo awafunditsa bulangeti. Azimayi a sopulano, omwe anawaika mbali imeneyo, anangosanduka chiphokoso chakutali.

A Makutu anangoti kukamwa yasa. Anazula chingwe n'kuchilowetsanso. Anayesa pafoni. Anayesa nyimbo ina. Chimodzimodzi.

M'mawa mwake anali kale pakhomo la sitolo isanatsegulidwe. Mwini sitoloyo, mayi wodekha wa magalasi olendewera pachingwe, anapepesa kwambiri. Anati zimachitika, ngakhale kufakitale yotchuka chinthu chimodzi chimatha kutuluka cholakwika. Sanatsutse, sanayese n'komwe, poti wodandaulayo anali a Makutu. Anangowapatsa bokosi lina losamatula, n'kunena kuti loyambalo alibweza kwa opanga.

Kufika kunyumba, kumatula, kuvala. Kumanzere bulangeti lomwe lija.

Apa tsopano mutu unaima. Chinthu chimodzi chingalakwike, koma ziwiri, mbali yomweyomweyo? Yankho linali limodzi basi: mayi uja akugulitsa feki. Ndipo munthu akafuna umboni wa chomwe wakhulupirira kale, sausowa. Anatenga tochi n'kuyamba kufufuza. Anapeza ulusi umodzi wokhota pachikopa. Ananunkhiza, namva kafungo ka guluu. Chilembo china pabokosi chinkaoneka chonenepa kuposa chinzake. Pa intaneti anapeza anthu a m'mayiko osiyanasiyana akulira zomwezo, kuti akuba masiku ano amakopera chilichonse, mpaka bokosi ndi nambala yomwe. Sabata imeneyo chimbale chinaima, a Makutu atasanduka wapolisi.

"Bambo, bwanji mungobwerera ku akale aja?" anatero akazi awo akuwapatsa tiyi. "Ntchito inkayenda bwinobwino."

"Ndiye kuti wakubayo apitirize kubera anthu?"

"Kapena ndivaleko ine, ndimve."

"Mumve chiyani inu? Paja wailesi mumamvera ikukhosomola osadziwa."

Mayiwo anangoyang'ana pansi nthawi yaitali, kenako n'kutuluka.

Mkulu wa kwaya ataimba foni kufunsa chomwe chikuchedwetsa chimbale, a Makutu anaganiza zomwe pa nthawiyo zinkaoneka zanzeru. Anamupempha kuti awaperekeze kusitolo, akakhale mboni, akaone yekha kuti vuto si iwo. Akazi awo atamva zimenezi anasiya zochapa m'beseni, navala nsapato. Njira yonse ankangoti, "Bambo, nkhaniyi tikanaithera kunyumba," koma ankalankhula ndi mwala.

M'sitolomo munali anthu: wina akuyesa gitala, ena akusuzumira m'magalasi. A Makutu anaika bokosi pakauntala mwamphamvu.

"Mayi, ine si mwana. Awa ndi feki. Oyamba aja feki, awanso feki. Mukuganiza kuti mungapusitse makutu awa?"

Gitala uja analeka kulira. Mwini sitolo anavala magalasi ake pang'onopang'ono, chifukwa kunenedwa wakuba pamaso pa makasitomala ako si chinthu chopepuka. Analemba nambala ya pabokosi pakompyuta, patsamba la opanga, n'kutembenuza kompyutayo kuti onse aone. Anali enieni.

"Nambala amakopera!" anakuwa a Makutu. "Koma mawu sangakopere. Kumanzereku n'kwakufa. Akulu, tavalani mumve nokha."

Aka kanali koyamba kulola munthu wina kuwavala. Mkulu wa kwaya anawavala mwaulemu, natsinzina, mutu ukugwedera. Kenako anatsegula maso, akuoneka wosokonezeka.

"Pepani, a Makutu, koma ine ndikumva bwino mbali zonse. Asopulano ndiye akumveka ngati ndaima pakati pawo."

"Simunamvetsere bwino. Si ntchito yanu."

Mwini sitolo anawayang'ana kanthawi, ndipo nkhope yake inasintha. Mkwiyo unachoka, panabwera china chomwe a Makutu sanachikonde m'pang'ono pomwe.

"Bambo, tiyeni tichite chonchi," anatero motsitsa mawu. "Muwatembenuze. Mbali mukuti ndi yakufayo muiike kukhutu la kumanja. Ikakhala yakufa kumenekonso, ndikupepesani pamaso pa anthu onsewa."

"Ayi, asayese pano!"

Amene anakuwa anali akazi awo. Sitolo yonse inawatembenukira, ndipo iwo anagwira pakamwa. Koma a Makutu, mtima uli m'mwamba, anali atalanda kale mahedifoniwo. Anawatembenuza monyoza, nawavala.

Mbali yakufa ija inaimba. Azimayi a sopulano anatulukira kukhutu la kumanja, owala, akuthwa, aliyense ndi mpweya wake. Ndipo mbali yabwino ija, yomwe sabata yonse ankaitama, itafika kumanzere inafunda bulangeti.

Anawavula. Anawavalanso. Anawatembenuzanso. Bulangetilo silinasunthe, linali kumanzere basi.

Anaika mahedifoniwo pakauntala ngati akuwotcha. Kenako, anthu onse akuona, anakweza dzanja n'kutikita zala ziwiri pafupi ndi khutu la kumanja. Zinamveka, tswee tswee. Anapititsa dzanjalo kumanzere, natikita. Ankamva zalazo zikukhudzana, khungu pakhungu, koma kukhutu kunali zii. Anatikita mwamphamvu mpaka zala kutentha. Zii.

Wa gitala uja anawakankhira mpando. A Makutu anachita mantha omwe sanawamvepo chibadwire. Anafuna kunena kuti mwina ndi chimfine, mwina ndi phula la m'khutu, koma sanakumbukire tsiku lomaliza lomwe anaika foni kumanzere.

"Mayi," anatero potsiriza, "ndakulakwirani. Ndakutchulani wakuba. Oyamba aja munabweza aja, analibe vuto."

"Zimenezo zisiyeni, bambo. Pitani kuchipatala akakuoneni."

Mkulu wa kwaya ankangoyang'ana nsapato zake. Mboni anaiitana okha, ndipo inaona zonse. "Za chimbale tikambirana," anatero mwaulemu wambiri, ulemu womwe unawawa kuposa kutukwana. Anatsanzika n'kutuluka msangamsanga.

Panja dzuwa linali phwee, magalimoto akudutsa monga mwa masiku onse. A Makutu anaima pakhonde la sitolo atanyamula bokosi lawo. Akazi awo anatulukira kumanzere kwawo, natsegula pakamwa kuti alankhule, koma anadziletsa. Anazungulira kumbuyo kwawo, naima kumanja, ndipo pokhapo ndi pomwe anati, "Tiyeni, bambo."

A Makutu anakuona kuzungulirako. Ndipo atakuona, zina zonse zinabwera zokha. Mayiwa anasintha mbali yogona pabedi, ati pawindo pamawazizira. Pasofa anasiya malo awo akale, ati pali chisipuling'i chobaya. Patebulo, m'basi, pamsewu, nthawi zonse kumanja.

"Munadziwa liti?"

"Kalekale, bambo." Misozi inali itayamba kale kutsika. "Poyamba ndinkayesa mwandikwiyira. Ndimalankhula usiku, inu chete. Kenako ndinaona kuti mukagonera khutu la kumanja, ngakhale wotchi ilire simutembenuka."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndikanayambira pati? Munthu dzina lake a Makutu."

A Makutu anatsika pakhondepo. Anayamba kuyenda, bokosi lili m'khwapa. Atadutsa sitolo zingapo, mayiwo anawakoka pang'ono mkono wa malaya, kawiri, n'kuloza ndi chibwano tsidya la msewu, kumanzere. Kumeneko telala wina, mnzawo wakalekale, anali ataimirira pamakina ake akukupiza dzanja, pakamwa pakuoneka kuti akuitana dzina lawo.

Kakokedwe kameneko a Makutu ankakadziwa bwino. Ankayesa ndi chikondi chabe cha mayi okalamba nawo, ndipo nthawi zina ankawaseka nako. Anakweza dzanja, namwetulira mmene akanathera, kuyankha moni yemwe sanamumve.