Bilu ya Kuhotela

"Maiko asanu ndayenda ine, koma ndalama ya mwini sinagonepo m'thumba mwanga!" anatero a Pasipoti, akumenya tebulo. "Bilu yanga ndi galasi."

"Nanga ya kuhotela ija imabwerera mwezi ndi mwezi bwanji?" anafunsa kalaliki wawo, osadzutsa mutu.

"Iwe dzitaipa, usandilowe m'kamwa."

A Pasipoti anali ndi kampani yopezera anthu ntchito. Alonda ndi okolopa ankawalipira okha pakutha pa mwezi, kenako n'kutumiza bilu kumakampani komwe anthuwo ankagwira: malipiro, ovataimu, msonkho, ndi kagawo kawo pamwamba. Mabilu onse ankatuluka opanda banga. Koma ya kuhotela ankailemba okha atatseka chitseko, n'kuikamo dala kacholakwika.

Wowerengera ndalama kuhotelako anali mwana wawo wamkazi. Anamusiya akukwawa popita kunja, n'kudzamupeza ali ndi digiri, ndipo chibwerereni mwanayo sanawatchulepo kuti bambo. Koma bilu ikalakwika ankaimba foni.

"Akuluakulu, mzere wachitatu. Alonda ndi khumi ndi awiri, osati khumi ndi atatu."

"Aa, maso aukalamba awa! Nanga kunyumba kuli bwanji?"

"Konzani mutumizenso."

Mphindi imodzi basi. Koma mawuwo anali a malemu mayi ake enieni, ndipo a Pasipoti ankawanyamula m'khutu mwezi wathunthu.

Mwezi wina anawonjezera ovataimu ya mlonda amene anali patchuthi. Lolemba foni inangoti zii. Lachitatu anaitchaja kawiri ili yodzaza kale. Lachisanu kalaliki analowa ndi pepala la kubanki.

"Hotela yalipira zonse, bwana. Msampha wakola mwini wake."

A Pasipoti anagwira pachipumi. Oyendera mabuku akadzachipeza cholakwikacho, wochotsedwa ntchito adzakhala mwana wawo amene anasainira. Anavala jekete yawo ya maulendo, envulopu ya ndalama zopitirirazo m'thumba, ulendo wa kuhotela.

Anamupeza mwanayo m'kaofesi kothina kuseri kwa khitchini, mafayilo mpaka pawindo.

"Ndabweza izi. Munali cholakwika, sunachione."

"Ndinachiona tsiku lomwelo," anayankha mwanayo. "Mzere wachisanu. Ndinawauzanso abwana kuti mubweza nokha. Miyezi isanu ndi inayi mukulakwitsa dala, ngati mwana wasukulu wofuna kuti aphunzitsi amuone. Ndinati ndione ngati munthu wa maiko asanu angathe kuwoloka misewu itatu n'kufika kuno."

A Pasipoti, amene pakamwa pawo sipankatera ntchentche, anangoima, chipewa m'manja.

"Chotsani mafayilo pampando apo mukhale, bambo. Risiti yathu imachedwa kulemba."

Anakhala pansi mosamala, kuopa kuti mawu oti bambo aja angathawe. Mwanayo anatsegula envulopu n'kuwerenga ndalamazo mosafulumira, kamodzi, kenako kachiwiri. Zinali zikwi zinayi ndi mazana asanu, zosaperewera.