Mzere pa Malo a Bambo

Ofesi ya kalembera inali ndi mazenera atatu koma benchi imodzi. Odzalembetsa ana, odzasaina ukwati ndi odzanena za imfa ankakhalirana pomwepo, mapewa kugundana, aliyense envulopu yake pamiyendo. Linali Lachisanu lomaliza la mwezi, tsiku la maukwati, choncho mnyamata wina anapezeka atapanikizika pakati pa mkwatibwi wonunkhira pefyumu ndi mayi amene akanakhala apongozi ake.

Kwawo kwa mayiwo ankamutchula kuti aKoleji. Dzinalo analiyambitsa ndi mwana wawo wamkazi, mwachikondi, masiku amene ankamubweretsera chakudya pageti la sukulu. Abale ake analitola dzinalo n'kulinola. Tsopano mtsikanayo anali atagona kumanda. Anamwalira kuchipatala m'mawa wake atabereka, magazi atakana kusiya, ndipo khanda limene anasiya linali kumbuyo kwa agogo ake, litagona kukamwa kuli yasa. Kuchokera pamaliro, mnyamatayo anali asanalinyamulepo. Palibe anamuletsa, komanso palibe anamupatsa.

Anayang'ana kukhoma kuti maso ake asakumane ndi a munthu. Panamatidwa chipepala chachikulu cha ziwerengero za chaka chatha: obadwa, maukwati, omwalira, chilichonse ndi mtundu wake wa inki. Ankazidziwa bwino ziwerengero zimenezo, chifukwa ndi zomwe ankaphunzira kukoleji. Chaka chathachi anajambula yekha mzere wa amayi omwalira pobereka. Mzerewo unkatsika mokongola, ndipo aphunzitsi anamupatsa malikisi apamwamba. Atachoka kumanda sanabwererenso m'kalasi. Mabuku anali m'katoni kunsi kwa bedi, pamodzi ndi nsapato za malemu.

"Za imfa, bwerani," anaitana mlembi.

Anali mayi wamtali, wa magalasi omangirira kachingwe. Tsikulo anali yekha pa mazenera onse atatu, mnzake atapita kutchuthi. Anaika chikalata cha kuchipatala pafupi ndi kompyuta n'kuyamba kutayipa ndi zala ziwiri.

"Wonena za imfayi ndani?"

"Ndine," anatero mnyamatayo.

"Ubale wanu ndi malemu?"

"Ndine mwamuna wake."

Mayi a malemu aja anatsokomola kumbuyo kwake, chifuwa chosachokera m'chifuwa.

"Chikalata cha ukwati muli nacho?"

"Tinali tisanasaine. Koma timakhalira limodzi. Mukhoza kufunsa aliyense mumsewu wathu."

"Achimwene, kompyuta yangayi siyenda mumsewu." Mlembiyo sananene mwankhanza. Anatembenuza pang'ono kompyutayo kuti aone yekha. "Pali wokwatiwa, wosakwatiwa, wosiyidwa, wamasiye. Wokhalira limodzi palibe."

"Lembani wokwatiwa. Alakwiridwa ndani?"

"Madzulo ano zonse za mwezi uno zikupita kulikulu, akaziwerenge. Kumeneko akaona wokwatiwa, afuna nambala ya chikalata. Ndiwapatse nambala ya nsapato zanu?"

Anatayipa kuti wosakwatiwa. Kenako anasuzumira kumbuyo kwa mnyamatayo.

"Inu ndinu mayi ake a malemu? Ndiye wonena za imfa akhale inuyo. Sainani apa."

Mnyamatayo anapatuka, mayi aja anasaina, chidindo chinagunda.

"Tsopano pitani pa zenera la obadwa."

"Koma si inu nomwe?" anafunsa mayi aja.

"Ndine ndemwe, koma chidindo cha obadwa chinamangiriridwa uko. Sichiloledwa kubwera kwa omwalira."

Anasuntha onse, iwo kunja, mlembi mkati, n'kukumananso pa zenera linalo ngati anthu achilendo.

"Dzina la mwana?"

Mnyamatayo anatsegula pakamwa. Dzina analisankha kale ndi malemu, atagona chagada pamatiresi, akukangana moseka. Koma mayi aja anamutsogolera. Anatchula dzina lina, limene iye anali asanalimvepo, ndipo analitchula mosachita chibwibwi, kusonyeza kuti kunyumba mwanayo ankaitanidwa kale choncho. Iye anatseka pakamwa pake.

"Dzina la mayi ndalitenga kale. Dzina la bambo?"

Analitchula msanga, lonse, mpaka la makolo.

Mlembi anachotsa zala pa kompyuta. "Ndikufotokozereni, musati ndakupondererani. Makolo akakhala osakwatirana, dzina la bambo timalemba pokhapokha mayi wa mwana atavomera yekha. Mayi akamwalira, amasaina m'malo mwake ndi wachibale wake wapafupi. Popanda zimenezo ndimangojambula mzere. Ndipo mwezi ukatsekedwa, kuwonjezera bambo si kwa ine ayi, ndi kukhoti. Kumeneko mwana amamera mano nkhani isanalowe."

Onse awiri anayang'ana mayi aja.

"Jambulani mzere," anatero mayiwo.

"Amayi..."

"Ndati jambulani mzere."

Mlembi anayang'ana wina, n'kuyang'ana mnzake. Anali ataziona zambiri zotere. Anavula magalasi, anatenga bukhu lalikulu la maukwati n'kulipanira m'khwapa.

"Ndikukakwatitsa awa avala zoyerawa, asanakomoke ndi njala. Inu kambiranani. Ndikabwerako ndikutseka."

Mnyamatayo ndi mayi aja anabwerera pa benchi, tsopano ili ndi malo. Khanda linadzuka n'kuyamba kulira. Mayi aja analimasula, anatulutsa botolo la mkaka m'chikwama cha matewera, anadontheza pang'ono padzanja pawo, n'kuliyamwitsa.

Chitseko cha chipinda cha maukwati sichinkatsekeka bwino. Mnyamatayo ankaona zonse: tebulo la nsalu yoyera, maluwa apulasitiki a fumbi, mkwati wa jekete yomukulira, mboni ziwiri. Mlembi anafunsa, iwo anavomera. Anasaina, cholembera chinakana, wina anapereka chake, anaseka. Chidindo chinagunda. Anatuluka akujambulana ndi foni, mwana asanafike ngakhale theka la botolo.

Ndiye ukwati wonse unali umenewo basi. Malemu anamupempha kangapo konse, mimba isanaoneke, itaoneka, mpaka miyendo itatupa. "Tiyeni tikangosaina, aKoleji, phwando lidzabwera pambuyo." Iye ankayankha kuti amalize kaye sukulu. Ankati sakufuna ukwati wa pabenchi ngati akudikira jakisoni. Ankafuna suti, holo, dzina lake lili ndi zilembo kumapeto, kuti abale a mkazi amene ankamuseka adzameze malovu. Chimene anachikaniza munthu kwa miyezi yonseyo chinali chachifupi kuposa botolo la mkaka.

"Amayi, mwanayu ndi wanga. Inunso mukudziwa."

"Ndakana ine? Mphuno iyi si ya kwathu."

"Nanga bwanji?"

Mayiwo anapukuta kukamwa kwa khanda ndi ngodya ya nsalu. "Lero ndi pepala. Mawa mubwera nalo pepalalo pakhomo panga, wapolisi ali pambuyo, muzidzati bweretsani mwana wanga. Mukadzapeza mkazi wina, chifukwa mudzamupeza, mdzukulu wanga azikatsuka mbale za mayi womupeza. Ndaika m'manda mmodzi. Uyu simundilanda ndili maso."

"Sindidzamutenga. Ndikulonjeza."

"Malonjezo anu ndimawadziwa, aKoleji. Mwana wanga anapita nawo kumanda, akadali atsopano."

M'chipinda muja munalowa banja lina, mkwatibwi akukoka chovala chake kuti chisakodwe pachitseko. Pa benchi panatsala iwo okha. Banja limenelo likatuluka, mlembi abwera kudzatseka.

Panali chinthu chimodzi chimene ankachidziwa. Malemu anamuuza ali awiri, ndipo anamulumbiritsa kuti asadzachitchule pamaso pa mayi ake. Anachisunga mkamwa kwa kanthawi ngati mwala, akudziwa bwino pamene chikagwere.

"Chiphaso chobadwira cha malemu mwana wanu chili kwanga," anatero, mawu ali pansi. "Pa malo a bambo pali mzere."

Dzanja la mayi aja linaima pa botolo.

"Anandiuza za tsiku lolembetsa mayeso kusukulu. Aphunzitsi anakweza chiphasocho m'mwamba n'kufunsa pamaso pa kalasi yonse ngati bambo ake dzina lawo ndi aMzere. Anzake anamuitana choncho mpaka anamaliza sukulu. Sanakuuzeni, ankaopa kuti mulira. N'chifukwa chake ankandikakamiza kusaina, Amayi. Sankafuna diresi. Ankati mwana wake asadzanyamule mzere ngati iye."

Mayiwo sanalire. Zikanakhala bwino akanalira. Nkhope yawo inangogwa, ngati nyumba imene aichotsa mzati, ndipo anakalamba iye akuona.

"Bambo akewo anathawa ndili ndi mimba," anatero osayang'ana kwa iye. "Anabwera yekha pambuyo pake kudzapempha kuti alembedwe. Ndinakana ndine. Ndinkati ndikumulanga."

"Sindimadziwa zimenezo."

"Munadziwa zokwanira."

Mlembi anatulukira, bukhu lili m'khwapa, akudzikupiza ndi envulopu. "Kaya mwagwirizana? Mzere kapena munthu?"

Mayi aja anaimirira. Anaberekanso khanda, anamanga nsalu mwamphamvu pachifuwa, n'kupita pa zenera.

"Lembani dzina lawo."

"Mukuvomera kuti awa ndi bambo a mwanayu? Palibe wakukakamizani?"

"Wondikakamiza ali kumanda. Ndisaine pati?"

Mlembi anatayipa dzinalo chilembo chimodzichimodzi, akufunsa ngati lili ndi h pakati. Chidindo chinagunda. Anatulutsa chiphaso chili chofunda, n'kuchikankhira pansi pa galasi pamodzi ndi chikalata cha imfa chija.

"Mwalowa m'mwezi uno nonse," anatero, n'kutsitsa katani.

Mnyamatayo anadziwa mmene zikaonekere chaka chamawa pakhoma lija. Wobadwa mmodzi, wamkazi, bambo wodziwika. Womwalira mmodzi, wamkazi, wosakwatiwa. Choyambacho anachipulumutsa. Chachiwiricho panalibe zenera, panalibe khoti, limene likanachikonza.

Panja dzuwa linali likuswa mtengo. Akwati aja anali akujambulanabe pamasitepe, wojambula akuwauza kuti ayandikane ngati amadziwana. Mayi aja anawalambalala. Mnyamatayo anatola chikwama cha matewera, ndipo sanamuletse. Anayenda choncho mpaka pokwerera basi, iye pambuyo, akuyang'ana kachipewa ka khanda kakugwedezeka.

"Amayi, zija ndanena zija, pepani. Anandiletsa kuti ndisadzakuuzeni."

"Ndiye mwamulakwiranso kachiwiri." Anatsegula envulopu, anatulutsa chiphaso cha mwana n'kumupatsa. Cha imfa anachipinda n'kuchilowetsa pachifuwa. "Icho sungani ndinu, mwachivutikira. Mwana akugona kwanga."

"Ndamva."

Basi inaima, kondakitala akumenya chitseko ndi chikhatho. Mayiwo analandira chikwama, anaponda sitepe, anawerama kuti mutu wa khanda usagunde.

"Ndibwere liti kudzamuona?"

Anatembenuka pang'ono. Maso awo anali ofiira, koma ouma.

"Musandiuze tsiku, bambo ake a mwana. Masiku anu tinatopa nawo. Mukabwera, tidzakuonani pakhomo."

Basi inanyamuka. Iye anatsala chiimire mu utsi wake, chiphaso chili m'manja, akuyeseza chamumtima dzina la mwana wake kuti lizolowere pakamwa.