Antonio Woyera M'tambula ya Madzi

Bambo Valdemar anampeza Antonio Woyera ali chadodolido m'tambula ya madzi, kuseri kwa mtsuko wa m'khitchini. Kachifanizo kadothi kameneka kanali ka malemu mkazi wawo, ndipo malo ake anali pashelefu ya pabalaza. Tsopano mutu unali m'madzi, timapazi tili m'mwamba.

Anakhala pansi pang'onopang'ono. M'tauni yonse ya Caruaru ndani sadziwa zimenezi? Mkazi akafuna banja amamumiza woyerayu, ndipo samuvuula mpaka atabweretsa mwamuna. M'nyumbamo mkazi analimo mmodzi yekha, Jucilene, mwana wawo. Ndiye kuti akufuna kuchoka.

Tsiku limenelo ntchito sinayende pabenchi yawo yosokera nsapato kumsika. Unali mwezi wa Juni, mwezi wa zikondwerero za oyera, timbendera tapepala tili lendelende m'misewu, wina akuyesa kuimba akodiyoni kuseri kwa ogulitsa chimanga. Mayi Zenaide, mayi wamasiye woyandikana nawo nyumba, anabwera ndi nsapato yoduka lamba, naima nthawi yaitali akukamba za mvula. Bambo Valdemar ankangoti "eee, eee," maganizo ali pa anyamata a mumsewu mwawo, kuwaunika mmodzimmodzi. Anadzibaya ndi singano pachala.

Atafika kunyumba anapeza Jucilene akukulunga pamonha, phala la chimanga chachiwisi lija, m'makoko ake. Ankamanga mfundo ndendende ngati mayi ake.

"Mwana iwe, woyera uja walakwanji?"

Jucilene anabisa nkhope kuseri kwa khoko la chimanga. "Musamuvuule, ababa. Ntchito yake sanamalize."

"Ndi Edmilson wa njinga yamoto eti? Wa makutu ngati zigwiriro za poto uja?"

"Edmilson? Bola ndikwatiwe ndi njingayo!"

"Nanga ndani? Nena, sindikwiya."

Mtsikanayo anapukuta manja pa epuloni, osawayang'ana. "Si za ine. Ndamumiza kuti akupezereni mkazi inuyo."

Bambo Valdemar anakhala pampando.

"Kusukulu ya anamwino ya mumzinda wa Recife andiitananso," anatero Jucilene chapansipansi. "Chaka chatha ndinakuuzani kuti sindikufuna. Ndinkafuna, ababa. Koma ndikusiyeni ndi ndani? Inu nyemba mumaziwiritsa mpaka poto kubooka."

"Kamodzi kokha kaja!"

"Kanali kamodzi chifukwa sindinakuloleninso."

Bambo Valdemar anafuna kuseka, koma zinakanika. Chimene anachiopa tsiku lonse chinali choona ndithu: mwana akupita. Koma chaka chathunthu mwanayu anakhala akuwaphikira, akuwachapira, atadzimiza yekha mwakachetechete, iwo osaona kanthu.

"Ndiye woyerayo wamuuza dzina?" anafunsa atakhosomola.

"Akulidziwa kale. Msewu wonse ukulidziwa. Nsapato ya Mayi Zenaide imaduka sabata ndi sabata, inu mumati ndi miyala? Amadula okha ndi mpeni, ndinawaona pa windo."

"Bodza iwe! Ine ndimaganiza kuti ulusi wanga ndi wowola."

"Ulusi wanu ndi wabwinobwino. Maso ndi amene ali ndi vuto."

Bambo Valdemar anadzuka n'kupita kuseri kwa mtsuko. Anamutulutsa Antonio Woyera m'madzi muja.

"Ababa, ayi!"

"Taima, apumeko mpweya. Mayi ako ankamukonda munthu ameneyu."

Anamupukuta kumaso ndi malaya awo, namuyang'ana kwa kanthawi. Utoto wa pamphuno unali utayamba kusuluka. Anakumbukira kuti mkazi wawo ankaseka nthawi zonse akafunsidwa chifukwa chake woyerayu anali wosuluka mutu kuyambira kale. Mwina iwonso, Bambo Valdemar, anafika m'nyumba ya apongozi chifukwa mkazi wawoyo anamumiza woyerayu m'tambula ngati yomweyi.

Anataya madzi akalewo, natunga ena abwino mumtsuko. Kenaka, mosamala ngati akugoneka khanda, anamubwezeramo woyerayo chadodolido.

"Pepani, akulu," anamuuza. "Ndiyesetsa kuti musakhalitse."

Anatulutsa nsapato ya Mayi Zenaide m'chikwama, navala chipewa chawo chachikopa. Pakhomo anatembenuka.

"Zilipo pamonha zakupsa kale? Ndipatse ziwiri zotentha. Ndipo mawa uwayankhe a ku Recife aja, asapereke malo ako kwa wina."

Jucilene anasankha ziwiri zonenepa, nazikulunga m'kansalu.

"Vulani epuloni ya kumsikayo kaye, ababa. Mukununkha guluu."